Luntha Sakuyankha

Lachiwiri, 2 Julaye 2024

Tatuluka. Masiku 19 m'wodi ya ana, lero tili kwathu ku Zingwangwa. Kope ili ndinagula kuti ndizilembamo nthawi ya mankhwala. Majakisoni atha, masamba atsala ambiri. Ndizilembamo zanga.

Luntha wapepuka zomvetsa chisoni. Bambo ake, a Chigomezgo, amunyamula kuchokera pamene takisi imalekezera mpaka m'nyumba, chitunda chonse chija, osapumulako. Mwana wa zaka 8 kumunyamula ngati mtolo wa zovala zokachapa. Dokotala akuti matenda oumitsa khosi amatero, miyendo ibwerera pang'onopang'ono, tisamuthamangitse.

Tamuyalira matiresi pabalaza kuti ndizimuona ndikamaphika. Eston wanga, wa miyezi 11, wakwawa n'kukakhala kumapazi kwake, kumamuyang'ana ngati mlendo.

Kuchipatala anesi ankandiitana kuti mayi a Luntha, ine n'kumangovomera. Mphamvu zofotokoza ndinalibe: zoti ndine mayi womupeza, zoti mayi ake omubereka, a Thandie, ali ku Joni chaka chachinayi tsopano, zoti mwanayo amanditchula kuti Anti. Ndinkangoti ee, n'kunyamula beseni.

Kushopu ku Limbe bwana Shafiq anandipatsa tchuthi mpaka pa 15.

Msana ukuwawa.

Lachitatu, 3 Julaye

Madzi kulibe chidzukireni. Ndapempha zigubu ziwiri kwa mai Petronela, aneba athu, ndatenthetsa pa mbaula, ndamusambitsa Luntha m'beseni lochapira. Nthiti zikuwerengeka. M'mikono muli zipsera zakuda za madiripi. Anangokhala duu, maso pa thovu. Ndinati, "Madziwa sakuotcha?" Zii. Ndinabwereza. Zii. Nditamugwira phewa m'pamene anatembenuka n'kumwetulira pang'ono.

Kutopa basi. Inenso masiku ano munthu akandiyankhulitsa ndimalakalaka nditangomuyang'ana.

Phala wadya masupuni 6. Dzulo anali 4. Nthochi theka.

Eston akuima yekha atagwira sofa, kenako n'kusiya dzanja limodzi, n'kundiyang'ana kuti ndaona kapena ayi. Pa 19 akwanitsa chaka. Sindinaganizeko chilichonse.

Lachinayi, 4 Julaye

Chiperoni tsiku lonse. Matewera sakuuma. Basi.

Lachisanu, 5 Julaye

Alamu a Vailet, achemwali awo a Chigo, abwera kuchokera ku Kanjedza ndi nkhuku yachikuda ndi jumbo ya manachesi. Sindingawanene zoipa. Masiku onse 19 aja ine ndinkakhala naye mwana masana, iwo n'kumagona pa simenti pansi pa bedi lake mpaka m'mawa. Koma akalowa m'nyumba muno amayamba n'kuyendetsa chala pa windo kuona fumbi.

Anagwada patsogolo pa Luntha, kumugwira masaya, kumuyankhula m'Chitumbuka. Luntha amagwedeza mutu, kuseka, kulandira nachesi. Ine nditaitana ndili kukhitchini, "Luntha, ndikusendere lina?" palibe yankho. Ndinaitananso. Alamu anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana, n'kungoti, "Hm."

Hm ameneyo ndayenda naye mpaka madzulo.

Loweruka, 6 Julaye

Holide. A Chigo ali pakhomo.

Eston wayenda. Masitepe atatu, kuchokera pa sofa kukagwera pa matiresi a Luntha. Palibe amene anamuuza, anangosiya sofa n'kunyamuka manja ali m'mwamba ngati woledzera. A Chigo anathamangira foni, kumubwezera pa sofa kuti ayendenso ajambule, iye n'kukana, kukhala pansi.

Luntha anaomba m'manja n'kunena kuti, "Wandipitirira." Koma mawu ake anali okweza, ngati akuitana munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje. Tinaseka tonse, koyamba kuseka m'nyumba muno chiyambireni Juni. Kenako anafuna kuima nayenso. Anadzuka, anapendekera uku, kupendekera uko, n'kugwera pa matiresi. Analira nthawi yaitali, osati chifukwa chopweteka.

Cha m'ma 4 a Thandie anaimba. A Chigo anatuluka nayo foni pakhonde. Ndinamva akuti, "Wagona, mankhwala amamugonetsa. Ali bwino, akudya." Luntha sanagone, amajambula. Sindinafunse. Nkhani za iwo awiriwo ndinaphunzira kalekale kusalowamo.

Lamulungu, 7 Julaye

Amayi asanu a kutchalitchi kwathu abwera masana kudzazonda. Shuga, sopo, nyimbo ziwiri. Popemphera Luntha anaona anthu akutsinzina, nayenso n'kutsinzina, manja pamodzi. Pemphero linatha, tonse Ameni, amayi ayamba kale kufunsana za kukwera kwa makala, Luntha adakatsinzinabe. Mayi wina anati, "Taonani mwanayu, akuthokoza yekha Mulungu wake." Wina mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Ndinamugwira bondo. Anatsegula maso modzidzimuka, kuyang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene wapeza minibasi yamusiya.

Kaya chifukwa chiyani zandikhala pamtima.

Lachiwiri, 9 Julaye

Lero ndachita zoipa ndipo ndizilemba.

Alamu anabweranso madzulo, a Chigo atangofika kuchokera ku ofesi. Anakhala pakhonde. Awiriwa nkhani zawo amakamba m'Chitumbuka, koma iyi anaikamba m'Chichewa, windo la kukhitchini lili chitsegulire. Alamu akuti, "Mwana sangosiya kuyankha munthu popanda chifukwa. Ine amandiyankha bwinobwino. Masana mumakhala muli ku ntchito, zochitika muno mungazidziwe bwanji?"

Ndinaima ndi mpeni ndi anyezi m'manja, kudikira kuti a Chigo anenepo kanthu. Anangoti zii.

Zaka zitatu. Yunifomu ndimachapa ine, tsitsi ndimaluka ine, kumitingi ya makolo kusukulu ndimapita ine. Tsiku limene anayamba kukomoka ndinamubereka kumsana mpaka pa siteji, Eston ali kutsogolo.

Alamu atapita ndinaitana Luntha kuti amwe mankhwala owonjezera magazi. Kamodzi. Kawiri. Kanayi. Iye mutu uli m'kope mwake. Ndinapita, ndinamulanda pensulo, ndinakuwa, "Kodi ndikuyankhula ndi khoma?" Anandiyang'ana, osati m'maso, koma pakamwa. Kenako anati, "Pepani Anti," mokweza muja.

Sanadziwe n'komwe chimene amapepesera. Ndinamubwezera pensulo. Sanajambulenso.

Lachitatu, 10 Julaye

Masana ndimatsitsa mapoto pamwamba pa kabati, chivundikiro cha poto wamkulu n'kundipulumuka. Chinagwa pa simenti n'kumazungulira, chiphokoso ngati ngozi ya pamsewu. Eston analira. Galu wa mai Petronela anauwa. Luntha anali pa matiresi chondifulatira, akulemba, pafupi pomwepa. Sanagwedezeke n'komwe.

Ndinatola chivundikiro chija, ndinaima kumbuyo kwake, ndinachimenya ndi supuni katatu. Pensulo imangoyenda.

Ndinakhala pansi pomwepo, chivundikiro pamiyendo. Kusamba kuja. Ameni uja. Alamu amene amamugwadira kutsogolo n'kumugwira masaya, ine amene ndimaitana ndili kukhitchini. Dzulo lija.

Kenako ndinazungulira, ndinakhala moyang'anana naye. Ndinati, "Ufuna tiyi?" ndi milomo yokha, mawu osatulutsa. Anagwedeza mutu, "Wamkaka." Ndinatseka pakamwa ndi dzanja n'kunena mokweza, "Shuga masupuni angati?" Anangoyang'ana dzanja langa, kudikira kuti ndilichotse.

Mwanayu sakumva.

Ndinamupangira tiyi. Ndinathira shuga wambiri. Ndinachapa matewera amene ndinali nditachapa kale.

Lachinayi, 11 Julaye

Ndawauza a Chigo m'mawa akupolisha nsapato. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, chivundikiro, supuni, tiyi. Sanadzutse mutu.

Akuti, "Mwana wangotuluka kumene m'chipatala, mukufuna mumupatsenso matenda ena?"

Ndinati tiyeni mukayese nokha, ali apo.

"Sindiyesa mwana wanga ngati wailesi. Ngati mwatopa naye, Constance, mungonena."

Anavala nsapato, imodzi yosapolisha, n'kutuluka osamwa tiyi.

Inde ndatopa. Ndatopa mpaka m'mafupa. Koma si zimenezo.

Lachisanu, 12 Julaye

Luntha wayenda kuchokera pa matiresi mpaka pachitseko, atagwira khoma. Miyendo ikunjenjemera, mutu ukumuzungulira, koma wafika. Anakhala pa sitepe kuotha dzuwa, koyamba kutuluka panja. Ana a m'munsimu amasewera fulaye. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kundifunsa, "Anti, bwanji masiku ano aliyense akumangonong'ona?"

Ndinamukonza kolala ya juzi.

Masana ndinafuna buku lake la kuchipatala kuti mawa kapena Lolemba ndipite naye ndekha, anene zonena. M'kabati mulibe. M'chikwama changa mulibe. Ndinakalipeza m'thumba lam'kati la jekete ya a Chigo, ija anavala tsiku lotuluka. Tsiku limenelo ine ndinali pa mzere wolandira mankhwala, amene analankhula ndi dokotala ndi iwo.

Patsamba lomaliza palembedwa m'Chingerezi, mzere wakewake, mpaka kudula mzere kunsi: abwerenso pa 9 Julaye adzayezedwe makutu.

Pa 9. Tsiku limene ndinamukuwira lija.

Loweruka, 13 Julaye

Ndinadikira kuti amwe tiyi. Kenako ndinaika bukulo patebulo la pakhonde, tsamba lili chitsegulire.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, maso ali kuphiri la Soche. Akuti dokotala anawauza kuti ana ena akachira matendawa makutu amatsalira, ena amabwerera, ena ayi. Akuti tsiku lomwe lija pomunyamula pachitunda anamunong'oneza kukhutu kuti tafika, iye osayankha, ndipo anadziwa.

"Ndimati ndikapanda kupita naye, mwina abwerera okha. Akakayeza n'kulemba, ndiye kuti zakhala zoona."

Ndinati nanga zija ananena alamu, bwanji simunayankhe, mukudziwa kuti si ine?

Anagwira kumaso. Akuti, "Ndinalakwa."

Ndinati nanga a Thandie?

"Ndikawauza chiyani? Anandisiyira mwana wakumva."

Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, anaima kumbuyo kwa Luntha. Mwanayo amadyetsa Eston chigumu, kumugawira tizidutswa. A Chigo anaitana, "Luntha." Anakweza, "Luntha Mhango." Anaitananso m'Chitumbuka, mmene amamuitanira akamabwera ndi switi. Eston ndi amene anatembenuka n'kuseka.

A Chigo anakhala pansi pa simenti, msana kukhoma, bambo wamkulu wa ku ofesi ya boma. Sindinawatonthoze. Madzi anali atabwera, ndimafuna nditunge asanasiyenso.

Lolemba, 15 Julaye

Ndapita ku Limbe. Bwana Shafiq anandimvetsera mpaka kumapeto, sanakalipe. Akuti mtsikana amene wandigwirizira pa kauntala akubwerera kusukulu, ndiye andidikira mpaka Lolemba likubwerali, kupitirira apo ayenera kupeza munthu. Sindingawadandaule. Ndinathokoza.

M'minibasi pobwerera ndinagona, kudzuka titapitirira siteji yanga. Ndinayenda wapansi kubwerera.

A Chigo sanapite ku ntchito. Anapita okha kuchipatala ndi buku lija, atipatsa Lachitatu 8 koloko. Ndinawapeza akuphika phala, lapserera, nyumba yonse utsi.

Dzino la Luntha lam'mwamba limene linkagwedera kuyambira m'wodi lachoka lero, latsalira mu nthochi. Anabwera nalo m'manja kudzandionetsa, akuyenda mogwira mipando, akuseka ndi mpata wake. Thupi likungopitiriza zake, likukula, ngati palibe chachitika.

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndang'amba masamba a kumapeto kwa kope lino, ndasoka kakope ka Luntha. Chimene sakuchigwira pamilomo ndikumulembera. Mwayi wake kuwerenga amatha, Sitandade 3 sinapite pachabe.

Ndazindikira kuti ndikakhala moyang'ana kuwindo, nkhope yanga ili powala, n'kumalankhula pang'onopang'ono, amagwira zambiri. Mawu aafupi. Ndikatalikitsa amatayika. Tsiku lonse kugwada, kudzuka, kugwada. Maondo.

Ndinamulembera: Si ife tikunong'ona. Makutu ako adwala. Mawa tikupita akawaone.

Anawerenga kawiri, chala chili pa mawu. Anafunsa, "Achira liti?"

Ndinagwira pensulo nthawi yaitali. Ndinalemba: Sindikudziwa.

Anatenga kakopeko n'kukayika pansi pa pilo.

Lachitatu, 17 Julaye

Eston tinamusiya kwa mai Petronela. A Chigo anabereka Luntha mpaka pa siteji.

Kachipinda kakang'ono kopanda windo, makoma ofewa. Anamuveka mahedifoni, bambo woyezayo anamulembera papepala kuti akamva kulira akweze dzanja. Ife tinakhala kumbuyo. Poyamba sitimamva kanthu. Kenako kulira kuja kunakwera mpaka ife tinayamba kukumva kukutuluka m'mahedifoni. Dzanja la Luntha lili pamwendo. Amangoyang'ana nkhope ya bamboyo kuti aone ngati nthawi yakwana. Kamodzi anakweza mongolota, bamboyo anamwetulira n'kupukusa mutu, iye n'kutsitsa mwamanyazi.

Atasinthira kumanja, chakumapeto, dzanja linakwera. Linakweranso. A Chigo anandigwira mkono mpaka kuwawa.

Zotsatira: kumanzere kulibe. Kumanja kwatsala pang'ono, phokoso lalikulu lokha. Amuthira zinthu zonga phala lolimba m'khutu lakumanja kuti atenge muyezo wa kachipangizo kothandiza kumva, tibwerenso pakatha masabata atatu. Sanalonjeze kanthu. Akuti tiziyankhula naye titayang'anana, powala, osakuwa. Ndinati m'mtima zimenezo ndazitulukira kale ndi maondo anga. Akuti tikakambiranenso ndi aphunzitsi ake kuti azikhala kutsogolo.

Panja, tikudikira minibasi, Luntha anafunsa bambo ake, "Ndakhoza?"

A Chigo anayang'ana kumbali, kukhala ngati akufuna chinachake m'thumba. Ndinagwada pafumbi pomwepo kuti andione pakamwa. Ndinati, "Wakhoza."

Tinamugulira chipisi pachiwaya. Anamaliza chonse.

Lachinayi, 18 Julaye

Ndagona masana ola lathunthu, ana onse awiri ali pa matiresi amodzi ndi ine. Nyemba zinapserera. Zilibe kanthu.

Lachisanu, 19 Julaye

Eston wakwanitsa chaka. Keke ya pa mbaula, mchenga pansi makala pamwamba, mbali imodzi yada. Sobo. Mai Petronela ndi alamu basi.

Alamu anali atamva kale kwa achimwene awo. Lero sanayendetse chala pa windo. Analunjika kukhitchini, anavula juzi, anayamba kutsuka mapoto amene anaunjikana kuyambira dzulo. Ine ndimapaka shuga pa keke. Tinakhala choncho, misana itayang'anana. Kenako anati, "Alamu, tsiku lija ndinalankhula zambiri."

Ndinati, "Zinatha." Sizinatheretu, koma poto anali atamukwecha mpaka kuwala.

Akuti kuyambira Lolemba azibwera m'mawa kudzakhala ndi ana mpaka Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu a Chigo apempha ku ofesi. Sabata inayo tidzaona. Ndinawaonetsa pokhala, pafupi ndi windo, ndi mmene angalankhulire. Anamvetsera ngati mwana wasukulu. Anafunsa ngati Chitumbuka achigwira pamilomo. Ndinati ayese.

Poimba nyimbo ya tsiku lobadwa Luntha anaimba nawo, kutsogola, kutsalira, maso ali pa manja athu kuti adziwe poomba. Palibe anaseka. Kenako ataona keke ikudulidwa anadzuka pa matiresi n'kubwera patebulo osagwira kanthu. Ndinawerenga: masitepe 7. Eston pambuyo pake, atagwira diresi lake, onse awiri akudzandira.

Eston anapaka keke m'tsitsi. Kumusambitsanso, madzi kulibe.

Loweruka, 20 Julaye

A Chigo awauza a Thandie. Anakhala pakhonde pafupifupi ola. Sindinamvetsere, ndinatseka windo. Atalowa maso anali ofiira. Akuti a Thandie aimba mawa pa vidiyo, akufuna amuone.

Ndasita yunifomu ya kushopu. Yakula, kapena ndine ndachepa.

Lamulungu, 21 Julaye

Anaimba 2 koloko, titangomaliza kudya. Ndinatenga mbale kuti ndipite kukhitchini monga mwa nthawi zonse.

A Chigo anamupatsa Luntha foni. Ndinamva ali, "Mama." Kenako mawu a mzimayi, akuthamanga, akulira, akuseka. Ndinasuzumira. Luntha amayang'ana foni, n'kuiyika kukhutu lakumanja, n'kuiyang'ananso. Nkhope ya mayi ake pa foni ndi yaing'ono, netiweki ikudukaduka, milomo imaima mawu n'kumapitirira. "Mama, sindikumva. Mama, mukuti chiyani?"

A Chigo anagwada n'kuyamba kumubwerezera. Koma ndevu zawo zimaphimba milomo, ndipo amathamanga. Luntha anawayang'ana, anapukusa mutu. Anayang'ana uku ndi uku mpaka anandipeza pachitseko cha kukhitchini, mbale zili m'manja.

"Anti anene. Anti ndimawamva."

Ndinaika mbale pansi. Ndinapukuta manja pa chitenje, ndinakhala pa matiresi moyang'ana kuwindo. Luntha anandipatsa foni. Zaka zitatu ndili m'nyumba muno, mzimayi ameneyu ndinali ndisanalankhule nayepo. Ndinkamudziwa pa chithunzi chimodzi chokha. Ndi wochepa thupi kuposa pachithunzipo, anali atakhala pa bedi m'kachipinda ka malata, atavala chipewa cha ulusi. Mphumi ndi ya Luntha yeniyeni.

"Muli bwanji, mai a Eston."

"Ndili bwino, kaya inu, mai a Luntha."

Kenako a Thandie anati, "Muuzeni kuti ndaona dzino lachoka."

Ndinatembenukira kwa Luntha. "Akuti aona dzino lachoka." Anakwinya nkhope. Mawu oti "akuti" aja amamusokoneza, amatalikitsa. Ndinawasiya. Ndinaloza foni, kenako pakamwa panga, n'kunena, "Ndaona dzino." Anaseka, anatsegula kukamwa pafupi ndi foni kuti aonetse mpata.

Tinapitiriza choncho. A Thandie anena, ine ndibwereze, Luntha ayankhe kufoni. Ukudya? Ndikudya. Ukuyenda? Anadzuka n'kuyenda mpaka pa sofa n'kubwerera, ine nditamulozetsa foni. Ndikutumizira nsapato. Zapinki, osati zakuda. A Chigo anali atanyamula Eston n'kuima pakhomo.

Kenako a Thandie anapukuta mphuno, anati motsitsa, "Ndakusowa, mwana wanga."

Luntha amandiyang'ana pakamwa, kudikira.

Ndinanena pang'onopang'ono, mawu aliwonse payekha. "Ndakusowa, mwana wanga."

Anayang'ana milomo yanga mpaka nditamaliza, anayang'ana foni, n'kuti, "Inenso." Kenako anagona chammbali, mutu pamwendo panga, foni ataigwira pafupi ndi nkhope, kumangowayang'ana mayi ake osalankhula. Iwonso kumangomuyang'ana. Mwendo wanga unachita dzanzi, sindinausunthe.

Batire itayamba kulira a Thandie anati, "Mai a Eston, nambala yanu ndilibe."

Ndinawatchulira, analemba pachikhatho. Aimba Lachitatu 6 koloko, ndikaweruka, pa foni yanga.